Musathamangire kumuchotsa, Kenya ili ndi malamulo ake

Achemwali, mwafunsa ngati mungamuchotse ntchito mnyamata woyang'anira katundu uja ku Kakuma, kumsasa wa anthu othawa kwawo ku Kenya, poti malipoti ake amachedwa mwezi ndi mwezi. N'zotheka, koma osati mawa lomweli.

Ngakhale likulu la bungwe lanu lili ku Ulaya, iyeyo ndi Mkenya wolembedwa ntchito ku Kenya, ndiye lamulo lomwe likukumangani ndi lamulo la za ntchito la ku Kenya, Employment Act ya 2007. Gawo 41 limati mumufotokozere chifukwa chake m'chinenero chomwe amamva, pamaso pa mnzake wa kuntchito amene wasankha yekha kapena woimira yuniyoni, kenako mumve mbali yake. Mukalumpha pamenepa, khoti la za ntchito likhoza kulamula kuti mumulipire mpaka malipiro a miyezi 12.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndamukhazika pansi awiriwiri. Nthawi zina si ulesi ayi, mwina pulogalamu ya pakompyutayo palibe anamuphunzitsa bwino, ndiye akuchita manyazi kunena kwa bwana wachilendo. Mupatseni miyezi iwiri kapena itatu, zomwe ayenera kukonza zilembedwe, asayine, makalata onse musunge. A HR, oyang'anira za anthu ogwira ntchito, a ku ofesi yanu ya ku Nairobi muwauze lero lomwe, asadzamve nkhani itafika kale kwa loya.