Linac ikazimitsidwa, kodi mungalowe n'kuyamba kumasula?

Achimwene a ku Senga Bay, mwafunsa kuti popeza mwaphunzira zamagetsi ndipo akufuna kukutengani kuti muzikathandiza okonza linac, makina owotcha khansa aja, kodi radiation (cheza) imatsalira makinawo akazimitsidwa? Yankho limadalira kuti mwazimitsa chiyani, chifukwa pa makina amenewa mawu oti "tazimitsa" apweteketsa anthu.

Linac si yofanana ndi makina a cobalt-60. A cobalt ali ndi kachitsulo kotulutsa cheza usana ndi usiku, kaya magetsi alipo kaya ESCOM yathimitsa. Linac imathamangitsa ma electron n'kuwawombetsa pa target, kachitsulo ka tungsten, ndipo X-ray imabadwira pamenepo. Popanda magetsi palibe beam, kutanthauza cheza chimene makina amawombera.

Koma kuzimitsa beam pa kompyuta si kuzimitsa makina. Magetsi amphamvu akakhala kuti akadali oyaka, klystron kapena magnetron, chipangizo chopereka mphamvu yothamangitsira ma electron, imatulutsa X-ray yakeyake, n'chifukwa chake imavekedwa mtovu. Mukachotsa mtovuwo kuti dzanja lilowe bwino, n'kuyatsa kuti muyese, mwaima pa cheza osadziwa. Palinso chimene amati dark current: ma electron ochepa amathamanga ndithu ngakhale gwero lake litazimitsidwa. Mu 1991 ku Maryland, ku America, munthu wina analowa kukakonza accelerator ya pafakitale, makina othamangitsanso ma electron, filament (gwero la ma electron) itazimitsidwa koma volteji ikadali yonse. Anaika manja pamene beam imatulukira, ndipo patapita miyezi itatu anamudula zala za manja onse awiri. Cheza sichinunkha, sichimveka, ndipo chilonda chimadzaonekera patapita masiku.

Ndiye musanalowe, zimitsani pa swichi yaikulu, ikanipo loko wanuwanu ndi chikwangwani cha dzina lanu, kiyi akhale m'thumba mwanu. Ngati muli atatu, maloko akhale atatu. Kenako ma capacitor, zipangizo zosunga magetsi, a mu modulator, chigawo chopereka magetsi amphamvu ku klystron kapena magnetron: amasunga mavolti masauzande ambiri magetsi atazimitsidwa kale, choncho akhudzeni kaye ndi ndodo ya earth ndipo muisiye ili pomwepo mpaka mutamaliza. Kunena zoona, kwa wokonza makina, magetsi amenewa ndi amene angakupheni msanga kuposa radiation.

Tsopano za cheza chotsalira. Makina a 6 MV (MV ndi muyeso wa mphamvu ya beam) alibe vuto lenileni pa nkhaniyi. Akafika 10 MV, makamaka 15 kapena 18 MV, amatulutsa ma neutron, ndipo zitsulo za m'mutu mwa makina zimayamba kutulutsa cheza pazokha. Zambiri zimazilala msanga. Aluminium-28 mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi ziwiri ndi pang'ono, copper-62 pa mphindi pafupifupi 10, manganese-56 pa maola awiri ndi theka, tungsten-187 pafupifupi tsiku lathunthu. Werengani nokha: copper-62 ikakhala ola limodzi yatsika ndi theka kasanu ndi kamodzi, kutsala gawo limodzi mwa magawo 64 kapena kucheperapo. Kudikira n'kotchipa kuposa mtovu. Ntchito yomasula target kapena flattening filter (chitsulo chosalaza beam) ndi bwino kuiika Lolemba m'mawa, makina atagona Loweruka ndi Lamlungu, osati madzulo atangomaliza wodwala womaliza. Pa makina amene agwira ntchito zaka zambiri, zigawo zimenezi zimakhalanso ndi cheza chosazilala msanga, monga cha cobalt-60 chimene chimatenga zaka zisanu ndi miyezi itatu kuti chitsike ndi theka.

Mita yoyezera cheza ilowe patsogolo, inu pambuyo. Onani batire, onani tsiku limene inayesedwa komaliza, ndipo iyatseni mukadali panja kuti mudziwe nambala ya pamalo opanda kanthu. Chenjerani ndi mita ya mtundu wa Geiger counter pamene makina akuyaka: cheza cha linac chimabwera modukizadukiza, ndipo Geiger imatha kuonetsa nambala yochepa pamene zinthu zili zoopsa. Apo pamafunika mita ya mtundu wa ion chamber. Mukapeza malo a cheza chambiri, talikirani. Mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimatsika kanayi, ndiye target igwireni ndi chopanira chachitali mutavala magolovesi. Musaipale, musaiboole, musaidule ndi galainda, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo simungathenso kulitalikira.

Baji ya dosimeter, yoyeza cheza chimene thupi lanu lalandira, ikhale pachifuwa nthawi yonse ya ntchito, ndipo pogwira zigawo za m'mutu muvalenso ya mphete pachala. Osabwerekana, osaiiwala m'chipinda cha makina, osapita nayo ku Salima pa Lachisanu n'kuisiya pa dashibodi padzuwa. Malire ovomerezeka padziko kwa ogwira ntchito ndi 20 mSv (muyeso wa cheza chimene thupi lalandira) pa chaka mukagawa pa zaka zisanu, osapitirira 50 mSv m'chaka chimodzi, pamene munthu wamba malire ake ndi 1 mSv. Kuno kwathu oyang'anira ndi a Atomic Energy Regulatory Authority, pansi pa lamulo la 2011. Abwana akakuuzani kuti baji ibwera mwezi wamawa, ayankheni mwaulemu kuti inunso mudzalowa mwezi wamawa.

Interlock ya pachitseko, swichi yoletsa beam chitseko chikatseguka, musailumphitse ndi waya kuti ntchito ifulumire. Ngati kuyesa kwina kukufuna kutero, pakhale chilolezo cholembedwa ndi woyang'anira za radiation pamalopo, ndipo muyese kuti yabwerera m'malo mwake musanapereke makina. Womaliza kutuluka azungulire chipinda chonse, asuzumire kuseri kwa makina, kenako adine batani ndi kutseka.

Zigawo zimene mwachotsa ziyezedwe, zilembedwe ndi kutsekeredwa. Anyamata ogula zitsulo zakale amakonda mtovu ndi mkuwa, koma izi si zawo. Ku Goiânia, ku Brazil, mu 1987, mutu wa makina akale owotcha khansa wokhala ndi caesium-137 unathera kwa ogula zitsulo, ndipo anthu anayi anamwalira. Makina ena akale a linac analinso ndi depleted uranium yotchinga cheza, yolemera kuposa mtovu, choncho funsani buku la makinawo musananyamule chitsulo chilichonse kutuluka nacho.