Bambo akulandira penshoni mwezi ndi mwezi, nanga ine bwanji?

FUNSO: Ndili ndi zaka 61 ndipo ndimakhala ku Chawama. Ndinkasoka zovala pa kampani ina mu Lusaka muno, koma ndinasiya nditabereka mwana wachitatu. Apongozi anga atadwala, wowasamalira ndinali ine. Kenaka ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga zaka zambiri, pano ndimagulitsa matimati ku msika wa Soweto. Amuna anga anali dalaivala ndipo amalandira penshoni mwezi uliwonse. Ine ndinalandira kamodzi kokha, ndalamazo n'kuthera kugula malata. Kodi lamulo limakondera amuna?
Mayi wa ku Chawama

YANKHO: Amayi, mukawerenga lamulo la NAPSA, bungwe la boma loyendetsa za penshoni kuno ku Zambia, simupezamo pomwe akuti mwamuna alandire zambiri. Zaka zopumira pantchito n'zofanana kwa onse: kale zinali 55, ndipo kuyambira mu 2015 zili pa 60, ngakhale munthu angathe kupuma ali ndi zaka 55 kapena kupitiriza mpaka 65. Zopereka nazonso n'chimodzimodzi, 5 peresenti ya malipiro a wantchito ndi 5 peresenti ina yochokera kwa bwana.

Pamene pagona nkhani ndi pa miyezi 180. Kuti munthu azilandira penshoni ya mwezi ndi mwezi ayenera kukhala atapereka kwa miyezi imeneyi, zomwe ndi zaka 15. Wosafikitsa amangopatsidwa zake kamodzi, monga zinachitikira inu. Bambo aja pamene ankayendetsa galimoto miyezi yawo inkawerengedwa. Inu pamene munkalera ana, kuchapira apongozi ndi kugona nawo kuchipatala, palibe ndi mwezi umodzi womwe unalembedwa. Kwa ine kukondera kuli pamenepa, ngakhale sikunalembedwe m'buku lililonse. Ku Britain kholo lomwe likulera mwana wosafika zaka 12 limatha kuwerengeredwa nthawiyo pa penshoni ya boma. Aphungu athu akanayamba aganizirako zimenezi.

Za ku Kabulonga zija zandikwiyitsa. Wantchito wa m'nyumba nayenso amayenera kulembetsedwa ku NAPSA, koma mabwana ambiri amangopereka ndalama m'manja pakutha pa mwezi, n'kuwonjezerapo chitenje pa Khrisimasi. Tengani chitupa chanu cha NRC, mupite ku likulu la NAPSA ku Levy Business Park mukapemphe kuona mndandanda wa zopereka zanu. Ngati pali miyezi yomwe munagwira ntchito koma siikuoneka, kawafotokozereni. Sindikukulonjezani kuti mupeza penshoni ya mwezi ndi mwezi, koma mudziwa pomwe panaduka. Ngati munayamba ntchito isanafike 2000, kafunseninso za ZNPF, thumba lomwe linalipo NAPSA isanabwere.

Chinanso, ndipo musachite nacho manyazi ngakhale ndi nkhani ya maliro: kambiranani ndi bambo kuti dzina lanu lilembedwe ku NAPSA ngati mkazi wawo. Mwamuna wolandira penshoni akamwalira, mkazi wamasiye amakhala ndi gawo lake, ndipo mapepala akakhala m'malo achibale savutitsa kwambiri.

Kwa ana anu aakazi omwe ali pamsika, auzeni kuti NAPSA inatsegula mwayi woti ogwira ntchito zawozawo azipereka okha. Chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana kuja, n'chabwino pogula katundu, koma miyezi yake siwerengedwa. Omwe ali pantchito yolembedwa aganize kawiri asanatape 20 peresenti ya zopereka zawo, yomwe mu 2023 inaloledwa kuti munthu atenge asanapume pantchito, chifukwa zomwe atenge lero zidzachepetsa zomwe adzalandire akadzapuma.