Tsamba la Manhattan Project linandichezetsa usiku wonse

Asisi, tsamba la pa intaneti lomwe mukuti lakusokonezanilo, la Manhattan Project, ntchito ya America yopanga bomba la atomiki pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndimalidziwa, ndipo nditangoona funso lanu mtima wanga wachita kuti phaa. Chaka chachiwiri ku koleji anatipatsa asayimenti ya pagulu, anthu anayi. Ine ndinatenga gawo la malo, mnzathu wina anati amusiyire gawo la mabomba enieniwo.

Vuto lake n'lakuti nkhani imodzi yomweyo anaigawa pa Events, People, Places, Processes ndi Science. Ukadina dzina la wasayansi Fermi likutengera ku Chicago, pa 2 Disembala 1942 pomwe anayatsa reactor yoyamba, makina otulutsa mphamvu ya atomiki. Usanamalize waona Oak Ridge, wadinanso. Uko wapeza mafakitale a Y-12, K-25, X-10, mayina ngati nambala za galimoto. Pofika 11 koloko usiku ndinali nditatsegula masamba oposa 20 pa foni, osalemba ngakhale mzere umodzi.

Kenako magetsi thi! Foni ili pa 9 peresenti. Ndinakhala pa mkeka ndi kandulo yotsalira, kukopera m'kope mothamanga, sera ikudonthera pa pepala, udzudzu nawo uli pa miyendo. Ndili mkati molemba za Hanford, komwe ankapangira plutonium, chimodzi mwa zitsulo ziwiri zopangira mabombawo (china ndi uranium), bandulo inatha. Nditati ndibwerere kumbuyo masamba onse anangoyera mbee. Ndinalira ndithu, munthu wamkulu.

Koma chomwe chimandiwawa mpaka lero si magetsi ayi, ndi mnyamata wa gawo la mabomba uja. Sabata yonse foni osayankha, m'mawa wa tsiku lopereka n'kutitumizira ndime ziwiri zoti bomba lomwe anayesa ku Trinity, New Mexico, pa 16 Julayi 1945 ndi mtundu womwewo anakaponya ku Hiroshima. Bodza! La ku Trinity linali la plutonium, mtundu wa Fat Man lomwe linagwa ku Nagasaki pa 9 Ogasiti. La ku Hiroshima pa 6 Ogasiti, Little Boy, linali la uranium ndipo sanaliyeseko n'komwe asanaliponye. Anawonjezeranso kuti Einstein ndiye ankatsogolera ku Los Alamos, komwe ankapangira mabombawo. Einstein anangosayina kalata yopita kwa Roosevelt, pulezidenti wa America, mu 1939, ku Los Alamos kunali Oppenheimer, ndipo mkulu wa ntchito yonse anali msilikali, Leslie Groves. Ine ndi tulo tanga sindinawerenge, ndinangophatikiza n'kukasindikiza. Aphunzitsi anawerenga ndime imeneyo mokweza m'kalasi, ndipo woyankha ndinali ine chifukwa mwiniwakeyo sanabwere. Akuti kunali maliro. Madzulo ake anthu anamuona akuonera mpira.

Ndiye inu chitani chonchi. Yambirani pa Events, tsatirani zaka kuchokera 1939 mpaka 1945, osadina china chilichonse. Tengani pepala mulembe malo atatu okha: Oak Ridge uranium, Hanford plutonium, Los Alamos kopangira bomba. Mukagwira zitatuzi zina zonse zimalowa m'malo mwake. Jambulani screenshot tsamba lililonse musanachokepo, ndipo gawo la Science lisiyeni kaye, lingakupwetekeni mutu pachabe.

Komabe tizimalikisi tomwe tinapulumuka nato tinachokera kosochera komweko. Usiku uja ndinaona mawu akuti Belgian Congo, dzina lakale la DRC, ndinakafufuza pena, n'kupeza kuti uranium yambiri inachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, kufupi ndi Zambia apa. Mkulu wa kampani ya mgodiwo, Edgar Sengier, anali ataitumiza kale ku New York mu 1940, ili m'migolo ku Staten Island asilikali asanaifunse n'komwe. Aphunzitsi analemba chong'a chachikulu pamenepo. Ndiye mwina dinani ndithu pang'ono, bola foni ikhale yodzaza. Ndipo ngati ndi ya pagulu, gawo la mabomba lembani nokha.