Bwanji sangopoperamo madzi? Yankho kwa achimwene a ku Tsangano

Achimwene ena a ku Tsangano, omwe akuphunzira za migodi, anditumizira imelo. Akuti m'zitsime zakale za mafuta amapopera madzi kuti akankhe mafutawo, nanga mu shale, mwala wothinana wosunga mafuta, amavutikiranji ndi gasi?

Achimwene, tengani phale la mphika, muliviike m'mafuta ophikira sabata yathunthu, kenaka mulitsuke. Kunja liyera, koma mkati mafuta ali phee. Shale ndiye wothinana kuposa pamenepo. Madzi salowa mosavuta m'timabowo take, ndipo akapeza dongo amalifufumitsa, njira n'kutsekeka. Ku Bakken ku North Dakota ndi ku Eagle Ford ku Texas, madera okumbako mafuta a ku America, kawirikawiri mafuta otuluka sakwana 10 pa 100 alionse a m'mwalamo. Otsalawo amandiwawa mtima, ife tikugona pamzere wa petulo kudikira matanki ochokera ku Beira.

Gasi amalowa pomwe madzi alephera. Amapopera mpweya wa CO2 kapena gasi wotuluka m'zitsime za komweko kwa masabata angapo, n'kutseka chitsime kuti alowerere, kenaka n'kutsegula chomwecho. Eni ake amati huff-n-puff. Mphamvu yopanikiza ikakwana, gasi amasungunukira m'mafuta, mafutawo amafufuma n'kupepuka, ndipo potsegula amatuluka ngati thobwa logonera m'chigubu. Mu 2016 kampani ya mafuta ya EOG Resources inalengeza kuti ku Eagle Ford njirayi ingawonjezere mafuta 30 mpaka 70 pa 100 alionse omwe chitsime chikanatulutsa.

Ambiri amakangana kuti wabwino ndi gasi uti. Ine ndikuti mkanganowo ngwachabe ngati gasiyo sakukhazikika. Ming'alu imene anaswa pa fracking (kuswa mwala ndi madzi opanikizidwa kwambiri) imalumikizana ndi zitsime zoyandikana. Inu a ku Tsangano mukudziwa zimene mfuko imachita m'dimba la kachewere: mukuthirira mzere uwu, madzi akutulukira kwa aneba. Gasinso amathawa chomwecho, kompuresa ikulira usiku wonse, mphamvu osakwera.

Zina zovuta

CO2 akakumana ndi madzi amapanga asidi wodya mapaipi. Amathanso kugwetsa phula la m'mafuta, lotchedwa asphaltene, n'kutseka timabowo tomwe mumafuna kutsegula. Makompuresa ake ngofika ma psi (muyeso wa mphamvu yopanikiza) masauzande angapo, ndipo amadya ndalama zoopsa.

Pa lipoti lanu yambani ndi mphamvu yopanikiza yochepetsetsa imene gasi amasakanikirana ndi mafutawo, yomwe amaiyeza mu labotale ndi paipi yopyapyala yodzaza mchenga yotchedwa slim tube. Ikaposa imene mwalawo ungapirire, sinthani gasi. Ikani mageji oyezera mphamvu yopanikiza pa zitsime zoyandikana musanayambe kupopa, ndipo zolumikizana muzipopere pamodzi.