Kukonza PDF pa Linux Mint osalipira ngwee

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungasinthire deti lolakwika pa kalata yanu yopempha transifa, yomwe anakutayipirani ku shopu n'kukupatsani PDF yokha, komanso mmene mungalumikizire masetifiketi ndi chitupa chanu cha NRC mu fayilo imodzi. Zonsezi zitheka pa laputopu yanu ya Mint yomweyo.

Yambani ndi kuyesa kusankha mawu a m'kalatayo ndi mausi. Akakana kusankhika, ndiye kuti anachita kuisikana, ndi chithunzi chabe, ndipo kuli bwino kubwerera ku shopu ija ku Kapata kukapempha fayilo ya Word. Akasankhika, LibreOffice Draw ili kale mu Mint. Dinani kumanja pa fayiloyo, Open With, sankhani Draw. Mzere uliwonse usanduka kabokosi kakekake. Dinani kawiri pa mzere wa detilo, fufutani, lembani latsopano, kenako File, Export as PDF. Musadalire Save, chifukwa imasunga ngati .odg, ndipo ku ofesi ya maphunziro ya DEBS mwina sangaitsegule.

Chomwe chimavutitsa ambiri ndi zilembo. Mashopu amakonda Calibri, yomwe Linux ilibe, ndiye Draw imaikapo zina, mizere n'kumatulukira m'mphepete mwa pepala. Ikani zilembo za Carlito (fonts-crosextra-carlito) musanatsegule kalatayo. Carlito anaipanga kuti ifanane m'lifupi ndi Calibri, motero mizere imakhala m'malo mwake. Draw ndi yabwino posintha mawu awiri atatu, koma ndime yonse idzakutopetsani.

Pa masetifiketi, tengani PDF Arranger mu Software Manager. Ndi kapulogalamu kakang'ono, sikadya bandulo yambiri. Kokerani mafayilo onse m'menemo, masamba aoneka ngati tizithunzi, musuntha lomwe mukufuna litsogole, mutembenuza lomwe linasikanidwa chozondoka, n'kusunga. Posaina, Xournal++ imakulolani kulemba pamwamba pa PDF kapena kuikapo chithunzi cha siginecha yanu.

Chonde, NRC yanu musaikweze pa mawebusaiti aja olumikiza PDF mwaulere. Fayilo imapita ku kompyuta za anthu ena, pomwe ntchito yomweyo mukhoza kuichita intaneti itazimitsidwa. Komanso mukafuna kubisa nambala ina, kuika kabokosi koyera pamwamba pake sikuichotsa ayi. Munthu akhoza kuikopa pansi pake. Ifufuteni mu Draw, kenako tsegulaninso PDF yatsopanoyo muone ngati yachokadi musanatumize.