Ntchentche zikuzunza akavalo ku Thyolo: kodi dibi wa ng'ombe angathandize?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amasamalira akavalo atatu pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Akuti chiyambire kutentha mu Okutobala ziwetozi zilibe mtendere. Masana onse zimangomenyetsa ziboda pansi, kavalo mmodzi wadzikhula pamtengo mpaka ubweya wa patsinde pa mchira wasosoka, wina ali ndi kachilonda m'munsi mwa diso kamene sikakupola. Mnzawo woweta ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe wawagawira mankhwala a dibi otsala, ndiye akufunsa ngati angapopere akavalowo mvula isanalimbike.

Achimwene, botololo musalitsegule kaye. Litembenuzeni muwerenge timalemba ta kumbuyo, pamene alemba zimene zili m'katimo. Mukaona dzina loti amitraz, lisayandikire kavalo ngakhale dontho. Mankhwala ambiri ophera nkhupakupa pa ng'ombe, monga Triatix, mphamvu yake ndi imeneyi. Ng'ombe imapirira bwinobwino, koma kavalo amafooka, amayenda modzandira, matumbo ake amaima osagwira ntchito, ndowe zimatsekeka m'mimba, ndipo ena amafa nazo. Ena amasakaniza amitraz ndi mankhwala ena m'botolo limodzi, choncho dzina lalikulu la kutsogolo lisakupusitseni. Ngati mnzanuyo anakuthirirani m'botolo la zakumwa lopanda lebulo, monga timachitira kumudzi kuno, ndiye basi, nkhani yathera pomwepo. Komanso ngakhale akanakhala osaopsa, amitraz ndi wa nkhupakupa, pa ntchentche sachita zambiri.

Tsono vuto lanu si ntchentche ya mtundu umodzi. Zimene mwalembazi zikundionetsa adani osachepera atatu, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake, malo ake oluma ndi kumene amaswanirana.

Kumenyetsa ziboda kuja ndi ntchito ya ntchentche ya m'khola, imene akatswiri amaitcha Stomoxys. Mukaiona mungati ndi ntchentche wamba ya pa nsima, koma iyang'anitsitseni itatera pakhoma: ili ndi kamlomo kosongoka koloza kutsogolo. Imaluma m'miyendo ndi kunsi kwa mimba, yaimuna ndi yaikazi yomwe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti siikonda kwenikweni ndowe zatsopano. Imaikira mazira m'udzu wowola wonyowa ndi mkodzo, m'zotsala za nsenjere zimene zapondedwapondedwa, m'mapesi, m'madeya otayikira pansi pa chodyera. Mawa m'mawa tengani fosholo mukakumbe pansi pa chodyeracho ndi m'makona mwa khola, pamene tsache silifika. Pamwamba padzaoneka pouma. Mukafukula pang'ono padzatuluka fungo la mkodzo lolasa m'mphuno, pansi pake pali pofunda, ndipo mudzaona mphutsi zoyera zikunyanyamphira pamodzi ndi timakoko tofiirira tonga mbewu za mpunga. Timakokoto ndi ntchentche za sabata yamawa.

Kukatentha, kuchokera pa dzira kufika pa ntchentche youluka pamatenga pafupifupi milungu itatu. Ndiye mukamapala khola lonse mpaka pansi penipeni kamodzi pa sabata, kuwonjezera pa kuwola ndowe tsiku ndi tsiku, mwadula mzere wonse. Kavalo wamkulu amatulutsa ndowe ndi mkodzo zopitirira makilogalamu 20 patsiku, ndiye atatu si masewera, wilibala ikhale yabwino. Muluwo muutengere kutali ndi khola, muuunjike mothinana, muuphimbe ndi pepala lakuda lapulasitiki kuti utenthe m'kati. Mphutsi sizipirira kutenthako, ndipo a kudimba adzakuthokozani chifukwa cha manyowa. Apa ndi pamene ndimakangana ndi mabwana ambiri. Amalolera kutumiza galimoto ku Limbe kukagula mankhwala odula, koma kugula wilibala yachiwiri kapena kukonza mpopi umene ukudontha pafupi ndi khola amati dikirani mwezi wamawa. Muwaonetse mphutsi zija pafosholo pomwepo, mwina angamve.

Ntchentche zimenezi zimauluka mtunda ndithu, choncho ngati pafupi pali makola a ng'ombe za mkaka odzaza nsenjere yowola, zina zizibwerabe. Zimenezo zisakugwetseni mphwayi, zambiri zimene zikuluma akavalo anu zabadwira pakhomo panu pomwepo.

Mdani wachiwiri ndi chintchentche chachikulu chija cha maso obiriwira, chimene chikaluma kavalo amadumpha ndipo magazi amachucha. Chimenechi sichibaya, chimacheka khungu n'kumanyambita magazi. Chimaswana m'matope a m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo, chimakonda masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo chimakopeka ndi chinthu chakuda choyenda. N'chifukwa chake kavalo wakuda amazunzika kuposa woyera. Mankhwala opopera sachiopsa kwenikweni. Ubwino wake sichikonda kulowa m'nyumba ya mdima, ndiye masana akavalo akhale m'khola kapena pansi pa denga, osati kukawamangirira kudambo chifukwa choti msipu ndi wobiriwira kumeneko. Misampha ya nsalu yabuluu ndi yakuda, yonga imene amatchera kashembe m'malire a nkhalango za Nkhotakota ndi Kasungu, imagwiranso zimenezi pamodzi ndi za m'khola zija, mukaiika padzuwa chapatali ndi ziweto.

Pali kankhani kena kosangalatsa. Mu 2019 akatswiri ena ku England anaveka akavalo nsalu za mizere yakuda ndi yoyera ngati ya mbidzi, ndipo anapeza kuti zintchentchezi zimalephera kutera bwino pamizerepo. Sindikuti mukapente akavalo a bwana, mungachotsedwe ntchito, koma mukadzafuna kusoketsa chofunda chopyapyala cha kavalo, nsalu yoyera kapena ya mizere iposa yakuda.

Kwathu kuno tilinso ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga, ija yotsetsereka m'mapiri ngati Nswadzi, Likhubula ndi Ruo. Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje timatidziwa bwino, chifukwa ndi a banja lomwelo ndi tija timafalitsa matenda oyabwa ndi akhungu amene azaumoyo amatigawira mapiritsi a Mectizan. Pa kavalo timakonda m'makutu. Mukaona akupukusa mutu, akukana kugwidwa khutu, pindani khutulo muone m'kati: mudzapeza timikanambo ta magazi ouma. Pukutani ndi kansalu konyowa, mupake Vaseline pang'ono. Ubweya wa m'makutu musamete ngakhale bwana atati ukuoneka uve, ndi mpanda wake umenewo. Mchiranso musadule, ndipo akavalo azikhala awiriawiri kubusa. Mudzaona okha aima wina mutu uku wina uko, akukupizirana.

Tsopano tifike pa amene ine amandisowetsa tulo. Onse ndatchulawa amazunza ndi kuwondetsa, koma wakupha ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kouluka, Culicoides, kotalika milimita imodzi kufika atatu, koti mukhoza kukhala nako m'khola osakaona. Ndiko kamafalitsa matenda otchedwa African horse sickness. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo pakati pa akavalo osabayidwa katemera amatha kupha 9 mwa 10 alionse amene adwala. Abulu nthawi zambiri sadwala kwambiri, mbidzi zimangosunga kachirombo koyambitsa matendawa m'magazi osaonetsa kanthu. Ku Cape, ku South Africa, m'zaka za 1854 ndi 1855, anapha akavalo pafupifupi 70,000, ndipo mu 2020 atafika ku Thailand anapha mazanamazana m'miyezi yochepa. Kavalo sapatsira mnzake mwa kukhudzana, pamafunika kachilombo kouluka kaja kalume wodwala kenako kalume wina. Timaswana m'dothi lonyowa losakanikirana ndi manyowa, pamalo ngati pamene pamatayikira madzi a m'chomwera, ndipo mtundu wina umaswana m'ndowe za ng'ombe. Timachuluka mvula ikakhazikika, makamaka chakumapeto kwa dzinja, kuyambira Febuluwale mpaka kuzizira kutayamba.

Tizilombo timeneti tili ndi zofooka ziwiri. Timaluma kwambiri chisisira, usiku ndi m'bandakucha, komanso sitilimba kuuluka pamphepo. Choncho akavalo alowe m'khola kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe, atuluke patapita maola awiri litatuluka. Kuno m'dzinja zikutanthauza kulowetsa cha m'ma 4 koloko madzulo ndi kutulutsa cha m'ma hafu pasiti seveni. Ndikudziwa chimene chidzachitike: bwana kapena alendo ake amakonda kukwera kavalo chakumadzulo kutazizira, kuyendayenda m'minda ya tiyi dzuwa likulowa kuti ajambule zithunzi. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa pa zonse. Muwauze mwaulemu kuti kuyambira Disembala mpaka Meyi ulendowo uzikhala wa m'mawa dzuwa litakwera. Mukaphatikiza ndi za chintchentche cha masana chija, muona kuti nthawi yodyera kubusa yachepa, kwatsala m'mawa ndi chakumasana pang'ono, ndiye udzu womweta uzikhala wokwanira m'khola.

Khola lokha lopanda chotchinga silikwanira. Neti ya udzudzu wamba timapyola bwinobwino, maenje ake ndi aakulu. Pamawindo ndi pamipata ya pansi pa denga pamafunika neti yothinana kwambiri, yonga ya mthunzi ija amaphimbira nazale, ndipo muziipopera mankhwala ophera tizilombo nthawi ndi nthawi. Koma musatseke mpaka mpweya kusowa, kavalo m'khola lotentha ndi lonunkha mkodzo amayamba chifuwa. Fani yoloza pamsana pa kavalo imathandiza kwambiri pamene magetsi alipo, chingwe chake chikhale poti sangachilume. Utsi wa ndowe zouma kapena masamba a bulugama, umene makolo ankafukiza m'makola a ng'ombe, umathamangitsadi tizilombo kwa kanthawi, koma ine moto pafupi ndi udzu wouma ndi kavalo wotsekeredwa sindiufuna. Ngati mufukiza, fukizani panja kumbali kochokera mphepo, muzimitse musanachoke.

Katemera wa African horse sickness alipo. Amapangidwa ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana milungu itatu, ndipo amabwerezedwa chaka ndi chaka. Nthawi yake yabwino ndi yozizira ndi youma, tizilombo tisanachuluke. Simunanene ngati akavalo anuwo anabayidwa chaka chino. Ngati ayi, kapena ngati makadi awo sakuoneka, bwana aimbire dokotala wa ziweto sabata ino, dokotalayo ndiye aone chochita popeza mvula yayandikira. Katemerayu safuna kutentha, si wogula kwa munthu wongoyenda naye m'chikwama. Ndipo ngakhale kavalo wobayidwa azilowabe m'khola nthawi yake, chifukwa kachirombo koyambitsa matendawa kali ndi mitundu 9 ndipo katemera satchinga kotheratu.

Za wosasuka mchira uja. Akavalo ena thupi lawo limadana ndi malovu a tizilombo tomweti ta Culicoides, ndiye amayabwidwa patsinde pa mchira ndi m'khosi mpaka kudzikhula mabala. Koma musanagamule, tukulani mchira muone kunsi. Pakhoza kukhala nkhupakupa, kapena zinthu zachikasu zomata kuzungulira kotulukira ndowe, amene ndi mazira a njoka za m'mimba zimene zimayabwitsanso chimodzimodzi. Zikakhala zimenezo, mankhwala a njoka ndiwo athetse nkhaniyo.

Kachilonda ka m'munsi mwa diso kakundidetsa nkhawa kuposa mchira. Ntchentche zikamatera pachilonda kapena pamisozi zimatha kusiyapo timphutsi ta nyongolotsi yotchedwa Habronema, ndipo chilonda chotero chimatukumuka, chimayabwa, chimakhala ndi timibulu tachikasu m'kati, osapola ngakhale mutsuke bwanji. Chimafuna dokotala ndi mankhwala a ivermectin. Podikira, tsukani kawiri patsiku ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita muthiremo kasupuni kamodzi ka mchere. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka pa zilonda za abulu ndi ng'ombe, chonde ayi. Chophimba kumaso cha neti chimathandiza, ndipo telala waluso pa Thyolo boma kapena ku Luchenza akhoza kusoka mutamuonetsa chithunzi, bola netiyo ikhale yolimba, yotukuka, isakhudze zikope. Muzichivula tsiku lililonse kuti muone ngati sichikukhula khungu.

Mankhwala opaka pathupi ali ndi malo ake, kungoti amabwera pambuyo pa zonsezi. Funani olembedwa kuti ndi a akavalo, a permethrin kapena cypermethrin, musungunule monga lebulo yanenera. Yambani mwapaka kachigawo kakang'ono paphewa, mudikire tsiku limodzi muone ngati sipatupa. Akavalo ambiri amaopa phokoso la sipuleya, ndiye nyowetsani kansalu mutavala magolovesi, mupukute miyendo, kunsi kwa mimba, khosi ndi msana, kutali ndi maso ndi zilonda. Thukuta ndi mvula ya kuno zimachotsa msanga, musadabwe mphamvu ikatha masiku a pa lebulo asanakwane. Chidebe musakatsukire kumtsinje, mankhwalawa amapha nsomba, ndipo mphaka wa m'khola asawayandikire.

Pemphaninso bwana akugulireni choyezera kutentha kwa thupi, n'chotchipa. M'mawa uliwonse musanawatulutse, yezani kavalo aliyense kotulukira ndowe, mutaima chambali osati kumbuyo kwenikweni, mulembe m'kope. Kavalo wabwino amakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Akafika 39 kapena kupitirira, makamaka ngati maenje a pamwamba pa maso ayamba kufufuma, maso afiira, kapena akupuma movutikira, asakwerepo munthu, asayendetsedwe n'komwe, chifukwa kumulemetsa kumafulumizitsa imfa. Muikeni pamthunzi m'khola lotchinga, madzi ndi udzu wofewa pafupi, enawo muwatsekere kwaokha, ndipo dokotala aimbiridwe ola lomwelo. Musadikire thovu kutuluka m'mphuno. Matenda a African horse sickness ndi oyenera kudziwitsa a boma, choncho ofesi ya zaziweto ya m'dera lanu imve tsiku lomwelo, kuti ena oweta akavalo ndi abulu chakufupi nawonso atsekere ziweto zawo.