Mafuta a kokonati agwirana m'botolo, kodi ndi feki?

Achemwali ena a ku Namwera anditumizira imelo, akuti anagula mafuta a kokonati pa Boma koma mu June muno angogwirana m'botolo, oyera mbee, kupendeketsa osatuluka. Mwana wawo wa fomu 3 wawasokonezanso kuti kokonati ndi chimanga ndi gulu limodzi, nde bwanji a chimanga sagwirana?

Achemwali, sanakubereni ayi. Mafuta a kokonati amalimba kukazizira kutsika pa madigiri 24, ndiye ndi chisanu cha kwanuko kumapiri mukanadabwa akanapanda kugwirana. Ikani botololo m'madzi ofunda muona.

Mwanayonso sakunama. Chimanga, mpunga, mapira, kokonati, ngakhale migwalangwa ili mbwee kunyanjayi, zonse zimamera ndi katsamba kamodzi, asayansi amati ma monocot. Koma gulu limeneli silikuuzani za mafuta ake. Mafuta aliwonse odyedwa amapangidwa ndi timaunyolo totchedwa ma fatty acid, ndipo mu kokonati pafupifupi theka ndi lauric acid, kaunyolo kakafupi ka makaboni (tizidutswa tomwe timalumikizana kupanga unyolowo) 12 kowongoka bwinobwino, nde towongokato timasanjikizana ngati bango lomangidwa mtolo, kukangozizira basi gwa. Mu chimanga oposa theka ndi linoleic acid, makaboni 18, wopindika malo awiri, sangapanikizane olo muwasiye panja usiku wa July. A m'deya wa mpunga ali pakatikati, wochuluka ndi oleic acid, wopindika malo amodzi.

Kupindikako kuli ndi vuto lake, mpweya umawononga mafuta oterewa msanga. Mafuta a chimanga amakhala mu kamtima kaja kamachoka pokonola, n'chifukwa chake gaga ndi mgaiwa sizichedwa kumveka kafungo ukasunga nthawi yotentha pomwe ufa woyera umakhala ndithu.

Mtengo wa mawese, aja amafinya ku Karonga, ndiye umadabwitsa. Mnofu wa chipatso umatulutsa mafuta ofiira odzaza palmitic acid (kaunyolo kena kowongoka) ndi oleic, koma mukaswa njere yamkati mupeza lauric ngati wa kokonati, chipatso chimodzi chomwecho.

Ine a kokonatiwo ndimawakonda kudzola ndi kupangira sopo, lauric ndi amene amachititsa thovu lambiri. Zoti muzikazingira chambo tsiku lililonse poti pa WhatsApp akuti ndi mankhwala, ayi, mafuta ake ambiri ndi aja amakweza kolesterolo, mafuta a m'magazi. Pa ndiwo a mpendadzuwa kapena a soya akukwanirani.